Magalasi a Eston Ali mu Mphika

Kwa Mphuka,
Luangwa.

Wokondedwa mlongo wanga Wendy,

Choyamba ndifunse moyo. Uli bwanji ku Lusaka kumeneko, pamodzi ndi alamu anga a Terence ndi ana? Ngati nonse mukudzuka bwino, Mulungu atamandike. Ife kuno tiliko. Amai miyendo ija yaleka kutupa, akupita okha ku tchalitchi. Ine umandidziwa, matenda amandiopa. Malungo anabwera mwezi watha, anandiyang'ana kumaso, anabwerera okha. Kutentha ndiko kwanyanya. Nkhuku yanga inaikira dzira pabwalo, pomwe ndinkati ndikatole ndinapeza lapsa kale, ndinangoitanitsa mchere.

Moni wathera pamenepo. Manje khala pansi, chifukwa ndakwiya, ndipo amene ndamukwiyira ndiwe.

Foni yako ndaimba mpaka chala chafupika. Pena netiweki yathawira ku Mozambique, pena ikulira koma suyankha, pena ukunditumizira tiuthenga toti uli mu miting'i. Ndiye ndati ndilembe, tione ngati pepala ungalidule. Kalatayi ndapatsa a Ana, aja amapita ndi nsomba zouma ku Lusaka, ndipo ndawauza kuti asachoke pakhomo pako mpaka uwerenge kufika pa dzina langa. Akafuna tiyi uwapatse, sachoka.

Nkhani ndi ya magalasi aja unabweretsera mlongo wako Eston, mng'ono wanga. Banja lake likutha. Kuchikamwini amubweza, akugona kwanga. Mkazi wake Tisungeni ali m'nyumba mwa amai ake pamodzi ndi mwana, ndipo akuti mwezi uno ukatha awawolotsa onse awiri kupita ku Zumbo, tsidya la Mozambique, kwa amai ake aang'ono. Akawoloka mtsinje uja, iwe ukudziwa, kubwerako nkobvuta. Ine ndine nkhoswe ya banja limeneli. Ndine ndinakalipempha ndi pakamwa pangapa, anthu akunena kuti wosaona sangasunge mkazi. Lero likugwa ndili pompo, chifukwa cha mphatso yako.

Sindikana, chinthucho nchodabwitsa. Ngakhale ine amene ndinasiya sukulu aphunzitsi atatha zondiphunzitsa, ndinachivulira chipewa. Magalasi wamba chabe, kakamera ngati njere ya mapira pamwamba pa mphuno, koma mkati muli kamkazi kokamba Chizungu, kumuuza munthu zonse zili kutsogolo kwake. Anthu kuno anakatcha Madamu. Amuna kudooko ankamuseka Eston kuti watenga mkazi wachiwiri wopanda malowolo, wosadya, wongodya magetsi a sola. Tisungeni naye ankati bola mkazi mnzakeyo azithandizako kutunga madzi, osati kungolongolola m'khutu mwa mwamuna wake.

Eston maso anafa ali mnyamata, koma Chizungu cha kusukulu sichinafe, ndiye ankamvana bwino ndi Madamu. Kanamuuza kuti mbuzi yagona panjira. Kanamuwerengera zolemba pa botolo la mankhwala a amai. Kanamuuza kuti malaya amene ankawanyadira kuti ndi oyera anali ofiira, tonse tinkangomusiya. Anayenda yekha mpaka kumsika, nkubwera ndi tomato wosaola, chinthu chimene ine wamaso awiri chimandikanika.

Tsiku lina mwana wake Lusungu anaima patsogolo pake, Madamu nkunena kuti Lusungu akukumwetulira, ndipo mano akutsogolo palibe. Eston anati palibe anamuuzapo kuti mwanayo wagweruka mano. Anamuitana, anamugwira pakamwa, nkuyamba kulira. Ine sindinalire. Panali utsi wa nsomba pafupi.

Zolakwa kanali nazo. Mvuu kanaitcha mwala waukulu, mwamwayi ine ndinali m'bwato momwemo. Foni ija unamusiyira yoyendera limodzi ndi magalasi ikangogwira netiweki ya tsidya lija, Madamu amangoti zii ngati mkazi wokwiya. Ndipo usanalowetsemo nkhope yanga kuti kazindidziwa, kanandiyang'ana ine, Simoni, amene ndimakoka ukonde wa anthu asanu ndekha, nkunena kuti kutsogolo kuli mdala. Zimenezo ndinakhululuka, ngakhale sindinaiwale.

Chimene sindikhululuka ndi ichi. Uja unabwera, unazungulira ndi foni yako kujambula anthu nkhope kuti Madamu aziwatchula maina. Unajambula ine, amai, Tisungeni, mwana. Tonsefe unatiimika, tinabvomera, ine mpaka ndinapesa. Koma apongozi ake a Eston, amake Tisungeni, unawafunsa? Sunawafunse. Unadziwa kuti akana. Unawabera ali chogwada akuyanika masau kuseri kwa nkhokwe. Tisungeni anakuona, anaganiza kuti ukungofuna chithunzi chokaonetsa ana. Ndiye unalembamo dzina lao lenileni, lopanda ngakhale "a" kutsogolo. Delfina. Dzina limene malemu amuna awo ankalitchula atayamba ayang'ana uku ndi uku, iwe unalipatsa makina okuwa.

Kapena Lusaka yakuiwalitsa m'mene timakhalira, ndiye ndikukumbutse. Njira yachidule yopita kumabwato imadutsa pamwamba pa posambira azimai, paja anatchinga ndi mitengo ndi minga chifukwa cha ng'ona. Mwamuna aliyense akafika pa mlambe uja amaima, nkufuula kuti odi kumadzi, nkudikira mpaka amuuze kuti pitani. Ngakhale abusa amaima. Ngakhale ine ndimaima, ine amene njobvu zimandipatukira.

Eston yekha ndiye sankaima. Azimai okha ndiwo anamumasula kalekale. Anati iwe dutsa chabe, ukafuula ukungotitayitsa sopo. Njira ina ija yozungulira ili ndi maenje, ndipo ndi mmene njobvu zimatsikira kukamwa madzi, sangaidutse yekha. Ndiye m'mawa uliwonse ankadutsa ndi ndodo yake kupita kukasoka maukonde, azimai akumunena kuti ndevu zakula, iye akuwabwezera kuti akumva kale fungo la amene sanasambe bwino.

Ndipo apongozi ake akakhalapo ankangokhala chete. Basi. Zaka zonsezi ulemu wao unali pamenepo. Mkamwini saonana maso ndi apongozi, sawatchula dzina, sawaona akudya, nanji akusamba. Anthu awiriwa anapeza njira yaoyao: apongozi akamva ndodo ija ikugogoda, pakamwa tseke. Kwa Eston, munthu amene sanalankhule ndiye kuti palibe. Ankadutsana pafupi ngati apa ndi apo, popanda wochita manyazi. Ndipo ankamukonda mkamwini wao, usaganize zina. Masau oyamba kupsa ankapita kwa Eston, kudzera m'manja mwa Tisungeni.

Iwe sunafunse zimenezi. Unangobwera ndi chikwama chako, kujambula, kudya nsomba yanga ya pende, kukwera basi.

Tsiku la tsokalo kunali m'mawa, dzuwa litangokwera. Eston anabvala magalasi, mau atakweza mpaka kumapeto chifukwa kumtsinje kuli mphepo, komanso anzake kudooko amakonda kumvera nawo. Anafika pa mlambe, sanaime. Aimirenji? Mapazi ake anazolowera. Masiku ena onse pamalo pamene paja netiweki imakhala ya ku Mozambique, Madamu amakhala ali gone. Koma tsiku limenelo, satana yekha ndiye adziwa, netiweki inadzaza ngati Zambezi wa mu Malichi.

Eston walumbira pamaso panga kuti Madamu ananena zinthu zitatu chabe. Kuti kutsogolo kuli madzi. Kuti m'madzimo muli anthu. Ndipo kuti Delfina ali pafupi, kumanzere.

Azimai aja Chizungu sanamve, koma dzina analimva bwinobwino. Ndipo Eston, poti anazolowera kuti Madamu akati kumanzere iye amatembenuka, anatembenuka. Nkhope yake, magalasi ali pamphuno, inalunjika pa apongozi ake.

Wendy, phokoso lake linamveka ku Kanyemba, a ku Zimbabwe anaganiza kuti kuno kwabuka nkhondo. Mabeseni anapita ndi madzi. Azimai amene amaopa ng'ona kuposa imfa anadziponya chubwi pakuya. Ng'ona nazo zinathawa, mpaka lero sizinabwerere. Apongozi aja anangokhala pansi m'madzi mpaka m'khosi, osakuwa, osalankhula, ndipo anakana kutuluka ngakhale atawabweretsera chitenge, mpaka zala zinachita makwinya. Eston anazula magalasi kumaso, nkuthamanga osadziwa kolowera, nkukagwera mu mpanda wa minga. Ndinamuzula minga tsiku lonse, ina ikadali momwemo.

Ine ndimadziwika kuti nkhani ndimaithira mchere, koma apa anthu andiposa, ndachita nsanje. Pofika masana ankati magalasi aja amaona kupyola chitenge. Pofika madzulo ankati Eston sanakhalepo wakhungu, zaka zonsezi ankangonamizira kuti azidutsa paja. Lamulungu lake munthu wochokera ku Katondwe anandifunsa ngati nzoona kuti azimai a kwa Mphuka akuonetsedwa pa TV ku Lusaka. Ndinamuthamangitsa ndi nkhafi. Amuna a azimai aja anabwera pakhomo panga ndi zibonga, ine nkuima pakhomo, iwo nkuona chifuwa changa, nkuyamba kukamba mwaulemu. Komabe mtima unandipweteka. Munthu amene wakhala mu mdima kuyambira unyamata wake, lero akutchedwa wosuzumira azimai.

Monga nkhoswe, ndinanyamuka kukapepesa. Ndinatenga mbuzi yanga ija yaikulu, imene anthu akaiona patali amati ndi ng'ombe. Mbali ya Tisungeni nkhoswe ndi amalume ake, a Silvestre, mkulu wosakonda kuseka, koma wachilungamo. Tinakhala pansi pa mtengo wa msau. Apongozi anakhala kuseri kwa mpanda wa bango, tikungomva kupuma kwao.

Ndinakamba, Wendy. Ndinakamba mpaka mbalame zinaleka kulira kuti zimvere. Ndinati maso a Eston ndi akufa monga kale, magalasi sanamubwezere kuona, amangomunong'oneza. Ndinati iye sanaone kanthu, olo chala. Ndinati amene akukayika abwere amuloze ndi mkondo pamaso aone ngati aphethire.

A Silvestre anandisiya mpaka mate anauma. Kenako anati zonsezo amva, ndipo iwo sakayika kuti Eston saona. Koma anati chinthucho ndiye chimaona, apo ayi chikanadziwa bwanji kuti uyu ndi uje. Ndiye anandifunsa kuti anaika nkhope ya mlongo wao m'menemo ndani, ndipo anapempha kwa yani. Anafunsanso kuti zimene chinaona m'mawa uja zili kuti tsopano. Kodi zinathera pomwepo, kapena zili mkati, kapena zinakwera ndi netiweki kupita kwa eni ake amene anachipanga? Anati ngati chimafuna netiweki kuti chilankhule, ndiye kuti pali kumene chimatumiza, ndipo pali amene amachiyankha.

Ine Simoni, amene sindinagonjepo pa mkangano chibadwire, amene ndinatsutsana ndi wapolisi wa ku Zumbo m'Chipwitikizi chimene sindichidziwa mpaka iye anapepesa, tsiku limenelo ndinagonja. Ndikanatha kulumbira kuti palibe chimene chinapita kulikonse. Lilime linali lokonzeka. Koma sindidziwa, ndipo pa nkhani ya thupi la mai wa munthu sindingaikepo mchere. Iwe unatiuza za chaja, unatiuza kuti tisachinyowetse. Za kumene zithunzi zimapita sunatiuze.

Eston anati tichifunse chokha. Anabvala, nkufunsa Madamu pamaso pa onse kuti zimene umaona umazipeleka kuti. Kanayankha Chizungu chachitali ngati njira ya ku Mburuma, za malamulo a kampani, za kuti tikawerenge penapake. Eston mwini, amene amamvana nako, anati sanatolepo kanthu. A Silvestre anangoti mwamva nokha, nako kakuzemba.

Ndinati chabwino, ndichotse nkhopeyo pompano. Ndinatenga foni ija unasiya, ndinadinadina monga katswiri. Inandifunsa nambala yachinsinsi. Ndinaika chaka chimene unabadwa, yakana. Ndinaika chaka chimene ndinapha nsomba ija ya mcheni yotalika ngati bwato, yakana. Kenako inadzitseka. Nambala uli nayo ndiwe wekha, mai wa mamiting'i.

Pamenepo ndi pamene apongozi analankhula kuseri kwa mpanda, motsitsa, a Silvestre nkumatibwerezera. Anati mbuzi ibwerere, alibe mlandu ndi mbuzi. Anati mkamwini wao samuda, ndipo akudziwa kuti sanachite dala. Koma anati zaka zonsezi iwo akafuna kubisala kwa iye ankangotseka pakamwa, ndipo kunali kokwanira. Manje olo atseke pakamwa, chinthu chija chiwaulula, panjira, kumunda, pamaliro, paliponse. Anati sangakhale mudzi umodzi ndi mkamwini amene sangamubisalire. Ndipo anati amene anawaba nkhope abwere yekha, adzaichotse iwo akuona ndi maso ao, ndipo adzawauze zoona za kumene zinapita za m'mawa uja. Zikapanda kutero, mwana wao ndi mdzukulu wao awoloka.

Mai uja akunena zoona. Ndicho chikundipsetsa mtima kwambiri, kuti ndilibe womukalipira kuno, ndiye ndikukalipira iwe.

Eston anabvula magalasi, nkuwapereka ndi manja awiri kwa a Silvestre kuti akhale kwa apongozi mpaka iwe ubwere. Apongozi anakana kuti magalasiwo alowe m'nyumba ali choyang'ana. Ndiye anawaika mu mphika wadothi, kubvundikira, kusanjikapo mwala, nkuuika m'khola la nkhuku. Tisungeni akuti tsiku lonse mu mphikamo munkamveka kamau kakudandaula m'Chizungu kuti kuli mdima, kuli mdima, mpaka batire inatha. Nkhuku zinaleka kuikira. Ndinati kaone nako m'mene mdima umawawira, kazolowere monga anazolowera mwini wake.

Tisungeni ndinakumana naye pa mjigo. Waonda, mlamu wanga uja amene ndinkamuseka kuti akakwera bwato timayamba tatsitsa katundu. Ndinayesa kumuseka, sanaseke. Anati amai ake sapitanso kumadzi, amasambira kuseri kwa nyumba ndi madzi a m'ndowa, ndipo ku tchalitchi aleka chifukwa atsikana akawaona amanong'onezana dzina lija m'kamau ka Madamu. Anati iye mwamuna wake amamufuna, Lusungu amafunsa atate ake m'mawa uliwonse, koma sangasiye mai wake akufa ndi manyazi. Anandifunsa kuti alamu, inu mukanasankha ndani? Kenako anati ndikuuze iwe kuti mphatso anailandira ndi manja awiri, koma ukanayamba wakhala pansi nkufunsa kuti kodi kuno mumakhala bwanji ndi munthu wosaona, chifukwa sikuti ankadikira iwe kuti ayambe kukhala.

Mau amenewo ndi ake, sindinathiremo kalikonse.

Eston naye sali bwino. Makutu ake aja, amene ankamva nsomba ikutembenuka pansi pa madzi, Madamu anawachititsa ulesi. Masiku oyamba opanda magalasi anagunda nkhokwe yanga mpaka inapendama. Amakhala pakhonde nkumatembenuza mutu, kudikira kuti wina amuuze zili kutsogolo. Anandiuza kuti chimene akuchisowa si njira ayi, njira aikumbuka. Akusowa kuuzidwa kuti mwana akumwetulira.

Koma wanena poyera kuti ngati iwe subwera mwezi usanathe, akapempha mphika uja, akwera nao bwato, ndipo akautaya pakati pa Zambezi pamene pali pakuya, a Silvestre akuona. Akuti kuli bwino kukhala mu mdima mkazi ali pambali. Ndinamuuza kuti olo autaye, funso la zithunzi litsala, ndipo apongozi sanati taya, anati abwere mwini wake. Anangoti ndiye atani, alibe china chopereka.

Ndicho ndakwiyira, Wendy. Chifukwa chiyani mwana wa amai asankhe pakati pa mkazi wake ndi kumwetulira kwa mwana wake? Anthu amaso amasankha zimenezo? Zonse ziwiri ndi zake. Chimene chikufunika ndi chala chako chimodzi pa foni, ndi mawondo ako awiri pansi.

Ndiye tamvera zimene uchite, ndikukuuza monga mkulu wako. Usanakwere basi, pita kwa mabwana ako a bungwe lija linakupatsa magalasi, uwafunse bwinobwino kuti zimene chinthuchi chimaona zimasungidwa kapena ayi, zimapita kuti, amaziona ndani. Asakupatse Chizungu chozungulira. Akuuze mau amene ungawanene m'Chinyanja pamaso pa mai wachikulire osaphethira. Ngati yankho ndi loipa, ubwere nalo loipalo, tidzaona chochita. Bodza ndiye usabwere nalo, a Silvestre amalinunkhiza patali.

Uwauzenso mabwanawo kuti asanagawire ena, adzayambe abwera adzaone kumene magalasi ao akupita. Kuno si Lusaka kumene munthu amasamba atakhoma chitseko. Akafuna wowaphunzitsa ndilipo, sindilipiritsa zambiri, nsapato chabe.

Ubwere ndi chitenge, buluku lija usiye komweko. Udzagwada kuseri kwa mpanda, udzapepesa, udzachotsa nkhope ija iwo akuona. Ukatero udzazungulira kwa aliyense amene unamujambula, kumufunsa ngati afuna kukhalamo. Amene atsalemo uwalembe monga timawaitanira, amai akhale amai, osati dzina lao ngati mwana wa giredi yoyamba. Ine undilembe kuti a Simoni, ndipo ngati pali malo uwonjezere kuti katswiri. Udzationetsenso pozimitsira kakamera kaja msanga, kuti pofika pa mlambe Eston azikatseka pakamwa ndi m'maso momwe.

Usandiuze za tchuthi. Uja unabwera kudzajambula tchuthi unachipeza. Usanditumizire nambala pa foni kuti ndichotse ndine, ndakuuza kale kuti sakufuna chala changa. Ndipo ngati a Ana abwera opanda iwe, ndikwera ndine. Ndidzafika pa ofesi yako ndi malaya anga a kumadzi, osasamba, ndi mlamba wouma m'thumba, ndidzakhala pa mpando wa alendo nkuuza aliyense wolowa kuti ndine mkulu wako, ndiponso kuti unaleka kukodzera pamphasa uli ndi zaka zingati. Umandidziwa, mau anga safuna netiweki.

Ndikuuze chomaliza, kuti udziwe kuti khomo silinatsekeke lonse.

Eston anabwerera ku maukonde, chifukwa munthu sangangokhala. Ndinati ndizimuperekeza njira yozungulira, anakana. Anatenga ndodo yake nkulowera njira yachidule, ine ndikumutsata patali kuopa zibonga. Atafika pa mlambe anaima. Magalasi alibe, maso alibe, koma anaima, nkufuula kuti odi kumadzi, mokweza kuposa mwamuna aliyense wa kwa Mphuka kupatula ine.

Kunali zii. Azimai analipo, madzi ankamveka, koma palibe anamuyankha. Anaima padzuwa mpaka thukuta linadontha m'ndevu, kenako anabwerera kunyumba. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinamuuza kuti akudzinyazitsa. Anati iyai, anamumasula ndi azimaiwo, anaphwanya ndi iye, ndiye aima mpaka adzamumasulenso. Anaseka pang'ono nkuti ndiponso chikhalire sanaitanepo odi ngati amuna anzake, akumva kukoma.

Dzulo anaimanso. Anafuula, kunali zii monga mwa masiku onse. Kenako mtsikana wina anayankha monyinyirika kuti pitani. Eston anadutsa mutu ataweramitsa, nkhope atalozetsa kumtunda, osanena nthabwala olo imodzi.

Titafika kumabwato anandigwira dzanja. Anati achimwene, munamva? Ndinati ndinamva mtsikana. Anati iyai, mtsikanayo asanayankhe, wina anatsokomola pang'ono nkumunong'oneza kuti muuze apite, dzuwa lingamuphe. Anati chifuwa chimenecho amachidziwa, wakhala akuchimva kuseri kwa mpanda kuyambira tsiku limene anakwatira. Ndinafunsa Tisungeni madzulo, anabvomera kuti amai ake dzulo ndi pamene anapita kumadzi koyamba chichitikire tsoka lija.

Eston wandilumbiritsa kuti ndisauze munthu kuti anawazindikira. Akuti iwo sanalankhule naye, ndiye kwa iye panalibe munthu. Ndauza iwe wekha, ndipo ukadzabwera usadzatsegule pakamwa pako pa zimenezi. Mai uja wachita mbali yake. Eston wachita yake. Watsala ndiwe, ndipo bwato la a Silvestre alimata kale phula kuti liwolotse Tisungeni ndi mwana.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Terence, uwauze kuti mcheni wao ndawasungira, ukukulabe m'madzi. Moni kwa ana onse, uwauze kuti amalume ao akadali munthu wamphamvu kuposa onse m'boma la Luangwa. Amai akuti Mulungu akusunge, ndipo akuti ubwere ndi mafuta opaka miyendo. Eston sanapereke moni, koma atamva kuti ndikulemba anati ndikuuze kuti sanakukwiyire. Ameneyo ndi iye. Ine ndakwiya, ndipo ndidzaleka pokhapokha ndikadzakuona ukutsika basi chitenge chili m'chiuno.

Ambuye akuyendetse bwino pamsewu, akutchinjirize ku njobvu za panjira, ndipo akupatse mawondo ofewa.

Ndine mlongo wako wamkulu, nkhoswe ya banja limene silidzatha ine ndili moyo,

Simoni